Tsiku Limene Sofa Inanamiza a Diso

Kalipentala wina aliyense akalowa m'nyumba ya munthu amayamba ndi kugwada, kukoka tepi, n'kulemba manambala pachikhatho. A Diso ayi. Iwo amaima pakhomo manja ali kumbuyo, n'kutsinzina diso lakumanzere ngati munthu woluma ndimu. Amayang'ana khoma ili, amayang'ana khoma ilo, kenako amvekere, "Mafiti khumi ndi awiri, kuchotsapo zala ziwiri." Mwini nyumba akakayika n'kubweretsa tepi yake, amapeza zilidi momwemo, zala ziwiri zija zili pomwepo. Dzina lawo linachokera pamenepo. Dzina lenileni linatsalira pachiphaso, moti ngakhale akazi awo akalifuna amayamba aganiza kaye.

Tepi ali nayo, musawanamizire. Yakhala m'thumba la ovolosi yawo zaka makumi anayi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kupsinja mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Thabwa amaliyeza ndi rula yamtengo, poti thabwa ukadula wadula. Koma chipinda? "Ndiyeze chipinda ndi tepi ngati ndine wakhungu?"

Ena ankati pali mankhwala. Panalibe. Sukulu a Diso anaisiya ali kalasi yachinayi, atasemphana maganizo ndi aphunzitsi pa masamu ogawa, n'kukalowa ntchito kwa mkulu wina wopala matabwa amene anatsala ndi zala zisanu ndi zitatu, ziwiri zinazo atazipereka kwa sowo. Mkuluyo ndi amene anawauza chinsinsi: chilichonse chopangidwa ndi kalipentala chili ndi msinkhu wake, ndipo msinkhuwo susintha chifukwa thupi la munthu silisintha. Mpando wodyera ndi fiti imodzi ndi theka kuchokera pansi. Tebulo, mafiti awiri ndi theka. Sofa ya anthu atatu, mafiti asanu ndi awiri m'litali. "Matako atatu ndi matako atatu," ankatero mkuluyo, "kaya ndi a abusa, kaya ndi a akuba." Ndiye ukalowa m'chipinda, peza chinthu chimene ukuchidziwa msinkhu, uchiyale m'mutu mwako pakhomapo kawiri, katatu, mpaka khoma lithe. Basi. Mankhwala ake ndi amenewo.

Diso lomwelo linawapezera banja. Anapita kukakonza mawindo kunyumba ina, napeza mtsikana akusita zovala pakhonde. Anamutsinzinira monga mwa ntchito, mtsikanayo anaganiza zina, ndipo a Diso sanaone chifukwa chomuwongolera. Zaka makumi anayi ndi zisanu zapitapo, amayi akadali kunena kuti anakwatiwa mwangozi.

Shopu yawo ili kumapeto kwa msewu wa mafumbi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani. Muli benchi limodzi lalitali lodzaza mabala a tchizulo, masowo atatu opachikidwa motsatana msinkhu, ndi wailesi imene imalankhula ukaimenya. Mabedi amene anatuluka m'shopu imeneyi abadwirapo ana osawerengeka, ndipo palibe bedi limene linabwerako kudzadandaula. A Diso amati katundu wabwino ndi amene anthu anayi amatukwana pomunyamula.

Ana anabereka anayi. Apakati awiri ali kutali, amabwera pa foni. Apafupi ndi Chisamba, woyamba kubadwa, dalaivala wa basi, munthu wa mimba yotsogola, ndi Mzime, womaliza, namwino kuchipatala. Mwamuna wa Mzimeyo amagwira ntchito ali kunyumba, pa kompyuta, zomvera zili m'makutu, kulankhula ndi anthu osaoneka. A Diso anamutcha a Mabatani, poti tsiku lonse amangodina mabatani, ndipo sanamvetsepo kuti munthu angatope bwanji ndi ntchito yopanda utuchi.

Anawo anakulira m'nyumba yakale, yodontha, ya ming'alu yolowa dzanja, koma pabalaza pake ukanatha kutembenuzirapo ngolo. Tebulo lawo linali chitseko cha sitolo ina yogumulidwa, chimene a Diso anachiika miyendo. Bowo la kiyi linali pomwepo, ndipo ana ankagwetseramo nyemba zimene sakuzifuna. Lamulungu lililonse masana banja lonse linkadya pamenepo: nkhalamba ziwirizo, Chisamba ndi mkazi wake ndi ana awo awiri, Mzime ndi a Mabatani ndi mapasa awo aakazi. Anthu khumi. Lamulo lolembedwa panalibe, koma wojomba ankazengedwa mlandu sabata yonse.

Kenako eni nyumba anaigulitsa kwa anthu ofuna kumangapo malo omwetsera mafuta. A Diso ndi amayi anasamukira m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu. Pochinyamula chitseko chija chinathyoka pakati. Chiswe chinali chitadya kale m'kati mwakachetechete. Masabata anayamba kudutsa opanda mkumano. Miyezi inayi. Chisamba anati, "Tiziyimbirana, amayi, masiku ano dziko ndi foni." Koma amayi Lamulungu lililonse ankaphikabe mumphika waukulu uja, n'kumadya zomwezo awiriwiri mpaka Lachitatu. A Diso ankaona. Munthu wa diso sangalephere kuona mkazi wake akutulutsa mbale khumi n'kubwezanso zisanu ndi zitatu m'kabati.

Ndiye Mzime atabwera ndi nkhani yoti apeza nyumba yatsopano kumene kampani ina ikumanga, n'kunena kuti, "Ababa, Lamulungu tizidzadyera kwathu tsopano," a Diso sanadikire kuti amalize.

"Tebulo ndipanga ine."

"Amuna anga amati tikagule lolumikiza tokha, la m'katoni lija..."

"La utuchi womata? Limene likamva madzi limatupa ngati buledi? Uwauze a Mabatani adine mabatani awo. Tebulo ndipanga ine."

Nyumba ya Mzime inali isanathe, choncho anapita onse kukaona nyumba yoonetsera, imene kampani imaikonza bwinobwino kuti ogula aone mmene yawo idzakhalire. Nyumbazo zinandandalikana ngati mazira m'thileyi, zofanana mpaka mtundu wa chitseko. Anawalandira mayi wina wa kampani, wa nsapato zazitali zidendene, amene anawavulitsa onse nsapato pakhomo koma zake osavula.

M'katimo munali mbee, mowala, monunkhira penti. Pabalaza panali sofa ya makushoni atatu, katebulo kagalasi, maluwa apulasitiki, ndi kalilole wamkulu kukhoma. Kutsogolo kwa sofa anamangapo kachingwe kofiira ndi kapepala kakuti, Chonde musakhalepo. Mzime ankangoti, "Eee, taonani, amayi, taonani!" Amayi anazungulira khitchini, natsegula makabati onse, nafunsa kuti mphika waukulu umakhala pati. Mayi wa zidendene anaseka mwaulemu, nati masiku ano anthu saphika zambiri.

"Tulutsani tepi, abambo," amayi ananong'ona atabwerera pabalaza.

A Mabatani nawo anali atatambasula kale pepala la pulani. "Bambo, miyezo yonse ili apa. Pabalaza ndi mamilimita..."

"Mamilimita ndi a madokotala a mano, apongozi."

Tepi inali m'thumba, ankaimva kulemera pantchafu. Koma kuitulutsa pamaso pa mkamwini, pamaso pa mayi wa zidendene? Anaika manja kumbuyo, natsinzina. Sofa ya atatu, mafiti asanu ndi awiri. Anaiyala m'mutu pakhoma: kamodzi, kawiri, khoma latha ndendende.

"Mafiti khumi ndi anayi," anatero. "Mukhoza kuvinamo."

A Mabatani anayang'ana pepala lawo, natsegula pakamwa. Mzime anawaponda phazi. Pakamwa panatsekeka.

Kudenga la shopu kunali matabwa ofiira, olemera, amene a Diso anawasunga zaka khumi ndi zisanu. Msewu wonse unkadziwa ntchito yake: anali a bokosi lawo la maliro. M'mawa mwake amayi anawapeza akuwatsitsa.

"Mukumva kuwawa penapake?"

"Ndikupanga tebulo."

"Nanga tsiku lanu likadzafika?"

"Mudzandiika m'katoni ya firiji. Wakufa sadziwa vanishi."

Masabata asanu ndi limodzi anathera pa tebulo limenelo. Mafiti asanu ndi anayi m'litali, atatu m'lifupi, kuti m'chipinda cha mafiti khumi ndi anayi mutsale malo oti munthu azungulire ndi mbale m'manja. Msomali sanakhomepo ngakhale umodzi. Miyendo anailowetsa m'mabowo ogoba ndi tchizulo, yothina moti inkalowa ikulira. Anapala, anakwecha ndi sandipepa mpaka chikhatho chinkatsetsereka chokha, napaka vanishi katatu. Mayi wa makatani uja ankabwera m'mawa uliwonse kudzadziyang'anirapo ngati mpango wakhala bwino.

Loweruka lina m'mawa analikweza pa lole atalifunditsa mabulangete a amayi. Mzime ndi banja lake anali atakhala m'nyumba yatsopanoyo masabata awiri. A Diso anatsika, anaima pakhomo, anaika manja kumbuyo, anatsinzina. Anatsinzinanso ndi diso linalo.

Pakhomo pomwepo panali mulu wa nsapato za anthu anayi. Firiji inali pabalaza, chifukwa malo amene anaisiyira kukhitchini anali a firiji yosala kudya. Pakona panali desiki la a Mabatani ndi mawaya ake. Njinga ziwiri za mapasa zinatsamira makina ochapira panjira yopita kuchimbudzi. Ndipo sofa, imene a Diso anawapangira okha paukwati wawo, ya mafiti asanu ndi awiri enieni, inadya khoma pafupifupi lonse, n'kusiya malo a tsache ndi ndowa.

Aneba anali atatuluka kudzaonerera. Wa nyumba yoyandikana, amene pakhonde pake panali wadirobu yofunditsidwa pulasitiki, anayang'ana tebulo, nayang'ana khomo, napukusa mutu mwachifundo. "Takulandirani," anatero. "Yangayi yagona panja mwezi wathunthu. Yazolowera."

"Madala, likalowa ili ine ndisiya kuyendetsa lole," anatero dalaivala wa loleyo.

"Lilowa."

Linalowadi. Anatulutsa sofa pabwalo, desiki analikokera kuchipinda chogona, anachotsa chitseko chakumaso, analipendeketsa tebulo, analikankha, analizungulitsa, dalaivala akutukwana chapansipansi. Ataliimika, linayambira khoma ili kukafika khoma ilo, kusiya kampata ka fiti imodzi yokha. Pabalaza panagawika pawiri. Mbali ino kunali khomo lotulukira ndi khitchini. Mbali inayo kunali chimbudzi ndi zipinda zogona. Mzime anapezeka ali mbali ya zipinda, atavala kale yunifolomu, nthawi yakuntchito itakwana.

"Ababa, ndituluka bwanji?"

Anadzifinya pakampata kaja chammbali, mpweya atausunga, batani limodzi n'kudumphira kukhitchini. Mapasa anali atalowa kale pansi pa tebulo, akuti apeza nyumba yawoyawo, yaikulu kuposa chipinda chawo.

"Akuberani," anatero a Diso. "Si nyumba imene anationetsa ija. Ija inali ya mafiti khumi ndi anayi. Apongozi, tiyeni. Nawenso dalaivala, ukakhale mboni."

Nyumba yoonetsera inali kumapeto kwa msewu womwewo. Mayi wa zidendene ataona amuna atatu a thukuta akubwera, anathamangira pakhomo. "Nsapato, chonde, nsapato!" A Diso anavula, analowa, anaima. Sofa kamodzi, sofa kawiri, khoma latha. Diso silinasinthe mawu. Koma ulendo uno m'mutu mwawo munali sofa inanso, yawo ija, imene anangoinyamula kumene ndi manja awo. Anayang'anitsitsa makushoni atatuwo. Kenako anadumpha kachingwe kofiira.

"Bambo, sitikhalapo pamenepo!"

"Ndikungofunsa funso, mayi." Anakhala kumapeto. "Apongozi, khalani apa."

A Mabatani anakhala, phewa lawo n'kukhudza la apongozi awo koyamba chikwatire. Sofa inathera pomwepo.

"Dalaivala, khala."

"Ndikhale pati, madala? Pamiyendo panu?"

Makushoni analidi atatu, koma a matako a zidole. A Diso anadzuka, anagwada, nasuzumira pansi pa sofayo. Molumikizira matabwa munali guluu wotuluka ngati mamina, wouma, wosapukuta. Ntchito imeneyi anaidziwa monga munthu amadziwira kutsokomola kwa mwana wake. Anatulutsa foni naimbira munthu amene anamuphunzitsa ntchito kalekale, amene mpaka lero, imvi zili mbuu, amadziwika kuti Guluu.

"Iwe Guluu, sofa ya m'nyumba yoonetsera ndi yako?"

"Aphunzitsi! Mwaiona? Yokongolatu."

"Mafiti angati?"

"Asanu. Amatero okha a kampani. Bedi tilifupikitse, mipando tiichepetse, zitseko zam'kati tisaike. Akuti chipinda chizipuma."

"Ndinakuphunzitsa chiyani za matako atatu?"

"Aphunzitsi, pa sofa imeneyo sipakhala matako. Ndi yoonera."

A Diso anadula foni nayang'ana uku ndi uku. Munalibe tsache, munalibe ndowa, munalibe firiji, munalibe nsapato kupatula za mayi uja. Inali nyumba ya anthu osadya, osachapa, osabereka. Anapisa dzanja m'thumba natulutsa tepi. Inakana kukoka, dzimbiri litaigwira. Anaimenya pachikhatho kawiri.

"Apongozi, gwirani uko."

Mafiti khumi. Anabwerera kwa Mzime, anayezanso. Mafiti khumi. Palibe amene anaba kanthu.

"Pepala lanu lija limati chiyani?"

"Limati chimodzimodzi, bambo," anatero a Mabatani, akuyang'ana pansi ngati olakwa ndi iwo.

Tebulo linabwerera pa lole. Dalaivala, munthu wopanda chisoni, anaimba likhweru njira yonse. Amayi anali pakhomo la shopu atavala kale diresi lokaonera tebulo pamalo pake. Ataona lole ikubwera ndi katundu yemweyo, anangovundukula mabulangete awo, nawapinda, nalowa nawo kuseri.

Dzuwa lisanalowe Chisamba anaimba foni, nkhani itamufika kale. Kuseka kwake kunkamveka mpaka kwa wowotcherera zitsulo. "Safunsa anadya phula, ababa! Kaliperekeni kuholo ya maukwati. Ndinanena ine, nyumba za masiku ano si zodyeramo anthu khumi. Aliyense azidyera kwake basi, tizionana pamaliro."

Amayi anamva. Anapita kukachotsa pachingwe zovala zimene zinali zisanaume.

Masiku atatu tebulo linaima pakati pa shopu, a Diso akulizungulira. Musaganize kuti nzeru inawasowa. Kalipentala aliyense amadziwa tebulo la mapiko, lopindika mbali zonse ziwiri. Iwo anapangapo ambiri. Nzeru inalipo kuyambira ali pa lole pomwe. Chovuta chinali kuika mano a sowo pa thabwa limene walisunga zaka khumi ndi zisanu n'kulisisita masabata asanu ndi limodzi. Ankanyamula sowo, n'kupeza kuti ikufunika kunola. Ankanola, n'kupeza kuti tiyi akuzizira.

"Mukudikira kuti lifupike lokha?" anafunsa amayi.

"Ndikuganiza."

"Amene akufupika ndinu. Ilo likadali lomwelo."

Lachitatu masana kunabwera mlendo amene anali asanapondepo m'shopumo ali yekha: a Mabatani, nsapato zoyera, akuponda utuchi ngati akuwoloka mtsinje. Anatulutsa pepala. Anali atajambula pabalaza pawo, firiji pamalo pake, desiki, sofa, ndi mmene chitseko chimatsegukira, ndipo manambala onse anali m'mafiti ndi mainchesi.

"Mamilimita aja apita kuti?"

"Ndawasiya kwa dokotala wa mano, bambo."

A Diso anatsokomola kuti kuseka kusatuluke. "Mwabwera kudzandiuza kuti mukagula la m'katoni."

"Ayi. Kwathu tinkadyera m'manja, aliyense pakona pake, wina pakhonde, wina pabedi. Tebulo loyamba limene ndinakhalapo ndi anthu ondifunsa kuti sabata yayenda bwanji ndi chitseko chanu chija. Mwandinena zaka zisanu ndi zitatu pamenepo, bambo. Miyezi yonseyi palibe wondinena, ndipo thupi silikundikoma."

A Diso analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, maso onse awiri ali otsegula. Kenako anachotsa pensulo kukhutu, anayeza mafiti awiri ndi theka kuchotsapo chala kuchokera kumapeto kwa tebulo, anaika sikweya yowongolera mzere, naulemba. Anayezanso kachiwiri, chinthu chimene amayi, amene ankasuzumira pawindo, akuti sanachionepo chikwatiwire.

"Vulani wotchiyo, apongozi. Gwirani apa. Likamagwa musalisiye, ndipo musandiyang'ane kumaso."

Sowo inalowa. Utuchi wofiira unagwera pa nsapato zoyera zija. Mbali yachiwiri sinavute ngati yoyamba.

Ntchito yotsalayo inatenga masiku khumi: kusunthira miyendo m'kati, kuika mahinjesi amkuwa, kupanga mikono yokoka yogwira mapiko, ndi timabenchi tinayi tolowa pansi pake. A Mabatani ankabwera akaweruka kwa anthu awo osaoneka. Anapatsidwa sandipepa, poti sandipepa sinaphepo munthu. Tsiku lachiwiri anatuluka thuza pachikhatho, ndipo analionetsa kwa mkazi wawo, kwa mapasa, kwa neba wa wadirobu, ndi kwa anzawo a pa kompyuta. A Diso anati likaphulika adzawayesa pa tchizulo. Mpaka lero nkhani ya tchizuloyo ikadali kuganiziridwa.

Tsopano tebulolo limakhala pakona ya pabalaza mapiko ali pansi ngati nkhuku yonyowa, ndipo anthu anayi a m'nyumbamo amadyerapo mkati mwa sabata, firiji itaima pambali ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Nyumbayo sinakule. Njinga zimagona m'bafa, wofuna kusamba amayamba wazitulutsa. A Mabatani akamalankhula za ntchito, makina ochapira amayankhira. Mukawafunsa a Diso ngati nyumba zatsopanozi zimakwanira banja, amati, "Zimakwanira, bola muzipuma mosinthana."

Koma Lamulungu! Sofa imatuluka pabwalo m'mawa, ndipo aneba azolowera, ena amakhalapo n'kumawothera dzuwa. Desiki limapita kuchipinda. Kenako pamabwera nkhani ya makhalidwe, poti tebulo likatambasula mapiko palibenso kuwoloka. Lamulungu loyamba anangokhala mwachisawawa. Chakudya chili m'kati, Chisamba, amene anali mbali ya khitchini atamwa makapu atatu a madzi ozizira, anaimirira, nayang'ana kampata ka fiti imodzi, nayang'ana mimba yake. Anayesa chammbali. Mimba inakana. Anayesa mbali inayo, ngati kuti mimba ili ndi mbali yoonda. Pomaliza anagwada nalowa pansi pa tebulo, munthu wamkulu wa ana awiri, mapasa akumuwombera m'manja, mbale zikugwedezeka pamwamba pake.

"Usandikandire thabwa ndi msanawo," anatero a Diso akutafuna.

Sabata yotsatira Mzime, monga namwino, anakhazikitsa dongosolo. A chikhodzodzo chosapirira azilowa poyamba n'kukhala mbali ya chimbudzi: a Diso, amayi, Chisamba, ndi ana awiri aang'ono kwambiri. Otsalawo mbali ya khitchini. Onse akakhala pamalo pawo, mapiko akwezedwe.

Amene anakana dongosololi ndi amayi. "Ine mbali ya chimbudzi? Nanga mphika ayang'anira ndani? Mpunga upserera! Ana inu simudziwa mchere."

"Sankhani, amayi," anatero Mzime. "Khitchini kapena chimbudzi. Zonse ziwiri sizitheka."

Amayi anayang'ana kampata, anayang'ana pansi pa tebulo, naganizira mawondo awo. Anakhala pambali pa amuna awo nkhope itakwinyika, mapiko n'kukwera.

Moyo wawo wonse mayi amenewa anali asanadyepo chakudya chotentha atakhala pansi. Ankadya pomaliza, chozizira, mwendo umodzi uli kukhitchini. Tsikulo anangoona mbale ikubwera yokha kudutsa pa tebulo, nthunzi ili tolotolo, a Mabatani atavala epuloni ya maluwa akufunsa, "Ndiwonjezere msuzi, amayi?" Analawa. Onse anasiya kutafuna.

"Mchere wachepa," anatero.

A Mabatani anatembenuka kuti akatenge.

"Khalani pansi, apongozi. Ndati wachepa, sindinati ndaleka kudya." Anakankhira mbale patsogolo pang'ono. "Ikaniponi kachidutswa kenako, ka mafutako."